Joe Garagiola: Wosewera wamba amene mawu ake adatumikira ovutika

Pa 23 Malichi 2016, Lachitatu la Sabata Loyera, ku Arizona m'dziko la America kudamwalira mkhristu wa Katolika wa zaka 90, Joe Garagiola. Ambirife dzina limeneli ndi lachilendo, pakuti masewera a baseball amene adatchuka nawo sadziwika kwenikweni kuno kwathu. Komabe popeza chaka cha 2026 ndi cha 100 chibadwire iye, ndiponso cha 10 chimwalirire, nkoyenera kufotokoza chifukwa chimene anthu a kwawo amamkumbukira ndi chikondi ngakhale kuti pabwalo sadali katswiri wopambana.

Garagiola adabadwa pa 12 Febuluwale 1926 mumzinda wa St. Louis. Makolo ake adachokera ku Italy ndipo ankakhala m'dera lotchedwa The Hill, kumene mabanja ambiri a ku Italy ankapemphera pa parishi ya St. Ambrose. Kutsidya kwa msewu wa nyumba yawo, Elizabeth Avenue, kunkakhala mnyamata mnzake, Yogi Berra. Anyamata awiriwa adakulira limodzi, ndipo onse adadzasewera malo amodzi pa baseball.

Pa masewerawa timu iliyonse imakhala ndi anthu 9 pabwalo. Wina amaponya mpira mwamphamvu, wa timu inayo amayesa kuumenya ndi ndodo kenaka nkuthamanga. Kumbuyo kwa womenyayo kumanyonyomala wowakha mpira, amene Angerezi amati catcher. Iye amavala chotchinga kumaso ndi pachifuwa, ndipo ndiye amapatsa woponya zizindikiro za mmene aponyere. Imeneyi ndiyo idali ntchito ya Garagiola ndi Berra.

Garagiola adayamba bwino kwambiri. Mu 1946, ali ndi zaka 20 zokha, adalowa m'timu ya St. Louis Cardinals, ndipo chaka chomwecho timuyi idagonjetsa Boston Red Sox pa mpikisano waukulu wa World Series. Koma mu 1950 adavulala phewa, ndipo kuyambira pamenepo ankangosamutsidwa: ku Pittsburgh Pirates, ku Chicago Cubs, kenaka ku New York Giants. Adasiya kusewera mu 1954 atasewera masewera 676. Pomwe mnzake Berra, ali ku New York Yankees, adapambana World Series maulendo 10.

Wina akadakhala ndi nsanje kapena manyazi. Garagiola adasandutsa kuchepa kwakeko kukhala nthabwala. Ankakonda kunena kuti iye sadali wowakha mpira wopambana ngakhale pa msewu wa kwawo womwe. Mu 1955 adayamba kuulutsa masewera a Cardinals pa wailesi ya KMOX. Mu 1960 adatulutsa buku lotchedwa Baseball Is a Funny Game, ndipo chaka chotsatira adalowa ku NBC, kumene adaulutsa masewera kwa zaka zambiri ndi kugwiranso ntchito pa pulogalamu ya m'mawa ya Today. Omvera ankamkonda chifukwa ankafotokoza masewera ngati munthu wodziwa kuwawa kwa kulephera. Mu 1991 adalandira mphotho ya Ford C. Frick, imene imaperekedwa kwa owulutsa baseball odziwika.

Chimene chikutikhudza kwambiri ndi mmene adagwiritsira ntchito kutchuka kwakeko. Choyamba, adali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la Baseball Assistance Team, limene lidakhazikitsidwa mu 1986. Osewera a m'nthawi yake sankalandira ndalama zambiri monga a masiku ano, ndipo ena atakalamba ankasowa za kuchipatala ndi za lendi. Bungweli limawathandiza iwo ndi mabanja awo mwachinsinsi, kuti wothandizidwa asachite manyazi.

Chachiwiri, adalimbana ndi fodya wotafuna, amene kwa zaka zambiri osewera ankamuyesa chizindikiro cha uchamuna. Iye mwini adamtafunapo nkusiya. M'zaka za m'ma 1990 ankayendera matimu pamodzi ndi Bill Tuttle, wosewera wakale amene nkhope yake idaonongeka ndi khansa ya m'kamwa, kuti anyamata aone ndi maso awo mapeto a chizolowezichi. Tuttle adamwalira mu 1998, koma Garagiola adapitiriza. Uthenga wotere sudali wokondweretsa kwa anzake ambiri, koma iye sadaope kudedwa.

Chachitatu, atakhazikika ku Arizona adadzipereka pa sukulu ya mishoni ya St. Peter ku Bapchule, yoyendetsedwa ndi masisitere a chipani cha Fransisko Woyera pakati pa eni nthaka a ku Gila River. Ankapitako kawirikawiri kukacheza ndi ana, ndipo ankapempha thandizo kwa anzake olemera kuti sukuluyo ikhale ndi nyumba ndi zipangizo zoyenera. Mu 2014 adapatsidwa mphotho ya Buck O'Neil pozindikira ntchito za moyo wake wonse. Berra adamwalira mu Seputembala 2015, ndipo patangopita miyezi 6 mnzake wa ubwana adamtsatira.

Akhristu anzanga, makamaka inu akatekisiti, fanizo la matalente pa Mateyo 25 limadzudzula wantchito amene adakwirira chimene adalandira. Wolandira pang'ono amene adachigwiritsa ntchito adayamikidwa mofanana ndi wolandira zambiri. Garagiola adazindikira msanga kuti mphatso ya manja adapatsidwa yochepa poyerekeza ndi mnzake, koma mphatso ya pakamwa adapatsidwa yochuluka. Sadataye nthawi kulira za yoyambayo. Nafenso amene timaima pamaso pa anthu, pa guwa, m'kalasi la katekisimu kapena m'Miphakati, tili ndi anthu otimvera. Tidzifunse kuti mawu athu alankhulirapo ndani mwezi uno: mkazi wamasiye, wodwala, mwana wosowa fizi, kapena ife eni tokha?

Mzimu wa Joe Garagiola uuse mumtendere.