Kodi mumadziwa? Fupa likathyoka, m'mimba namonso mumafuna chisamaliro

• Kodi mumadziwa kuti odwala ambiri ochitidwa opaleshoni ya mafupa amavutika ndi kudzimbidwa? Achipatala amati munthu wadzimbidwa ngati akuchita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena ngati chimbudzicho ndi chouma ndipo chikutuluka movutikira.

• Kodi mumadziwa kuti mankhwala opha ululu nawo amadzimbiritsa? Morphine, pethidine, codeine ndi tramadol amachititsa matumbo kuyenda pang'onopang'ono. Mseru ndi tulo zobwera ndi mankhwalawa zimachepa thupi likazolowera, koma kudzimbidwa kumakakamira mpaka munthu atasiya kuwamwa. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amaumitsa chimbudzi.

• Kodi mumadziwa kuti wothyoka fupa la ntchafu akhoza kugona pabedi masabata 6 kapena kuposerapo, mwendo uli chikokere ndi cholemera? Thupi likapanda kusuntha, matumbo amachita ulesi. Ena amadzimana madzi ndi chakudya pochita manyazi kudzithandiza ali pabedi m'wodi modzaza anthu, osadziwa kuti akukulitsa vuto.

• Kodi mumadziwa kuti m'zipatala za m'maboma, monga cha Chitipa, ovulala mafupa amathandizidwa kwambiri ndi ma orthopaedic clinical officer? Maphunziro awo adayamba mu 1985 motsogozedwa ndi dokotala wa ku Canada, Ed Blair. Opaleshoni zikuluzikulu zimachitikira ku Mzuzu Central Hospital kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chomwe chili ku Lilongwe.

• Kodi mumadziwa kuti zomwe dokotala wanena sizikhalitsa m'mutu? Mu 2003, katswiri wa zamaganizo Roy Kessels adalemba kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo 40 mpaka 80 peresenti ya malangizo a kuchipatala. Nanga uli ndi ululu, uku ukuopa opaleshoni, ungasunge zingati? Koma malangizo akajambulidwa ngati mawu pafoni amamvedwa mobwerezabwereza, ngakhale usiku namwino atatanganidwa.

• Kodi mumadziwa kuti ku Chitipa, boma la anthu pafupifupi 235,000 malinga ndi kalembera wa 2018, kumalankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zilankhulo zinanso? Kapepala kolembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi sikangawafike pamtima agogo a ku Misuku kapena ku Kameme. Mawu a m'chilankhulo chawo safuna magalasi kapena sukulu, ndipo nkhani yamanyazi ngati ya kudzimbidwa munthu amaimvera payekha, foni ili kukhutu.

• Kodi mumadziwa kuti kuphunzira zaumoyo ndi khutu si kwachilendo kuno? Chipatala cha pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ndipo chidafalikira dziko lonse. Nayo wailesi ya Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga imamveka ku Chitipa.

• Kodi mumadziwa kuti uthenga wotere wa kapewedwe ka kudzimbidwa umathandiza kwambiri ukamvedwa opaleshoni isanachitike? Mfundo zake ndi zochepa. Imwani madzi okwana lita imodzi ndi theka kapena awiri pa tsiku, pokhapokha adokotala atakuletsani. Idyani nsima ya mgaiwa kapena ya mawere m'malo mwa ufa woyera, pamodzi ndi nyemba, nkhwani, bonongwe, mapapaya ndi mango. Mukamva chimbudzi musachibweze. Matumbo amatakasuka kwambiri mukangotha kudya chakudya cham'mawa. Yendetsani ziwalo zosavulala, ndipo a physiotherapy akati dzukani, dzukani. Maola osala kudya polowa m'fiyeta atsatidwe monga wanenera namwino.

• Kodi mumadziwa kuti wodikirira wodwala ayeneranso kumva uthengawu? Ndiye amaphika, ndiye amatunga madzi, ndiyenso amadziwa tsiku lomwe wodwala adadzithandiza komaliza.

• Kodi mumadziwa kuti chakudya pachokha nthawi zina sichikwanira? Amene akulandira morphine kawirikawiri amafunikanso mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl kapena lactulose, opatsidwa ndi achipatala. Pakadutsa masiku atatu osachita chimbudzi, auzeni anamwino. Mimba ikatupa, mukamasanza ndipo mpweya woipa sukutuluka, musadikire kuti kuche: itanani achipatala pompopompo.