Kodi mainjini akale analidi olimba kuposa a masiku ano?

M'mabanja ambiri okhala kunja, nkhani yogula galimoto imautsa mtsutso. Makolo amakumbukira Peugeot 504 kapena Toyota Hilux yakale imene inkadula matope a m'dzinja mpaka kukafika kumudzi, ndipo amati magalimoto a masiku ano ndi zidole zapulasitiki. Ana amene akulira ku Leeds kapena ku Johannesburg sanaonepo galimoto ikuchita kukankhidwa kuti ilire. Onsewa ali ndi mfundo, kungoti akunena zinthu ziwiri zosiyana. Injini yamakono siwonongeka kawirikawiri ngati yakale, koma ikawonongeka sikonzeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndalama zake zimaluma.

Zimene timaiwala za injini yakale

Injini yakale ya petulo inkadalira kabuleta posakaniza mafuta ndi mpweya, komanso tizitsulo totchedwa mapointi popereka moto ku mapulagi. Zonsezi zinkaperepeseka ndipo zinkafuna kuchunidwa pafupipafupi. Oilo ankasinthidwa pa makilomita 5,000 alionse. M'mawa wa June, dalaivala ankayamba wakoka choko ndi kudikira kuti injini itenthe. Pa ulendo wautali, sipanala, waya ndi chigubu cha madzi sizinkasiyidwa. Mita yowerengera mtunda m'magalimoto ambiri inkathera pa 99,999.

Ubwino wake unali wakuti chilichonse chinkaoneka ndi maso. Makaniko ankamvetsera kulira kwa injini n'kudziwa pamene pali vuto. N'chifukwa chake ku South Africa anapitiriza kupanga Nissan 1400 mpaka 2008 ndi Citi Golf mpaka 2009: anali otchipa, masipeya anali ponseponse, ndipo makaniko aliyense ankawadziwa. Koma tisaiwale kuti magalimoto akale amene tikuwaona pamsewu lero ndi opulumuka chabe. Anzawo ambirimbiri anathera pamiyala kuseri kwa nyumba.

Chinasintha n'chiyani?

Lero mafuta amalowa mu injini kudzera mu mainjekita olamulidwa ndi kompyuta. Masensa amayeza mpweya wolowa, kutentha kwa injini ndi utsi wotuluka, ndipo kompyutayo imapereka mafuta okwanira ndendende. Mafuta sapyola muyezo n'kumatsuka oilo m'kati mwa injini ngati kale, choncho zitsulo zimachedwa kutha. Mapulagi ena amafika makilomita 100,000 asanasinthidwe, ndipo magalimoto ambiri amapita kusevisi pa makilomita 15,000 kapena kamodzi pachaka. Ku America, magalimoto amene ali pamsewu lero ali ndi zaka zoposa 12 tikatenga pakatikati, pamene m'ma 1970 sankafika zaka 7.

Kuchuluka kwa zipangizo pakokha si vuto. Toyota Prius, imene inatuluka mu 1997, ili ndi injini ya petulo, mota yamagetsi ndi batire lalikulu, komabe oyendetsa matakisi m'mizinda ngati London akhala akuidalira kwa zaka zambiri.

Pamene pagona vuto

Walira mvula walira matope. Ogula anafuna mphamvu zambiri ndi mafuta ochepa, maboma anafuna utsi wosaipitsa mpweya, ndipo zimenezi zinabweretsa zipangizo zosapirira nkhanza.

Choyamba ndi sefa ya mwaye, DPF, imene magalimoto a dizilo a ku Europe akhala nayo kuyambira pa malamulo a Euro 5 a mu 2009. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo, koma zimatheka ekizozi ikatenthetsa pa ulendo wotalikirapo wa mumsewu waukulu. Amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, n'kumayenda mphindi zisanu kuchoka pakhomo lina kupita pa lina, sefa yawo imatseka msanga. Kuichotsa si njira, chifukwa ku Britain galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT. Ngati maulendo anu ndi afupiafupi, ya petulo kapena hybrid ndiyo ikuyenerani.

Chachiwiri ndi mainjini ang'onoang'ono a turbo. Ena mwa iwo, monga Ford 1.0 EcoBoost imene inayamba mu 2012 ndi 1.2 PureTech ya Peugeot ndi Citroën, anapangidwa ndi lamba wa timing woyenda m'kati mwa oilo. Oilo akakhala wolakwika kapena akakhalitsa, lambayo amanyenyeka, nyenyeswazo n'kutseka njira ya oilo, ndipo injini ikhoza kuferatu.

Chachitatu ndi mainjekita a dizilo yamakono. Amapopera mafuta ndi mphamvu yofika ma bar 2,000, pamene tayala la galimoto limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono. Timabowo take n'tating'ono kwambiri moti kamchenga kapena madzi pang'ono m'mafuta zimatha kuwononga zipangizo zodula.

Kuthawira ku galimoto yakale nakonso kuli ndi mtengo wake. Kuyambira mu August 2023, mu London yense galimoto ya dizilo yosafika Euro 6 kapena ya petulo yosafika Euro 4 imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Komanso pangozi, galimoto yopanda ma airbag ndi mabuleki a ABS siteteza banja ngati yamakono.

Musanatumize galimoto kumudzi

Galimoto imene yakutumikirani bwino ku Manchester ikhoza kukasanduka khola la nkhuku ku Mchinji. Mafuta akasowa, anthu amagula a m'zigubu, amene mwina ali ndi madzi kapena zinyalala. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya msanga. Magalimoto ambiri a dizilo a Euro 6 amafuna madzi a AdBlue, ndipo akatha, injini imakana kulira mpaka mutathiramo ena. Musanalipire sitima, funsani makaniko wa kwanuko ngati ali ndi kompyuta yoyezera mtundu umenewo, ndiponso ngati masipeya ake amapezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Galimoto ya petulo yopanda turbo, ya mtundu umene wadzaza kale m'misewu ya kwathu kuchokera ku Japan, sidzavutitsa amayi kapena achimwene anu.

Zimene injini yamakono imafuna

Pogula galimoto yogwirapo kale ntchito, buku la sevisi ndi lofunika kuposa kuwala kwa penti. Thirani oilo amene walembedwa m'buku la galimotoyo, osati aliyense wotchipa. Muvi wa kutentha ukakwera, imani pompo: mutu wa injini wa aluminiyamu umapindika msanga. Nyali yachenjezo ikayaka padashibodi, musaimate ndi tepi. Magalimoto a ku America kuyambira 1996, ndi a petulo a ku Europe kuyambira 2001, ali ndi polumikizira pa OBD pansi pa chiwongolero, ndipo kachipangizo kotchipa kolumikizana ndi foni kamawerenga nambala ya vutolo. Apa ndi pamene mwana wodziwa foni ndi kholo lodziwa kulira kwa injini angathandizane, n'kufika kugalaja akudziwa kale chimene akukalipirira.