Nyumba ya pa mawilo: kodi ngolo ya kuthengo ndi thandizo kapena mtolo?

Mvula ikangotha mwezi wa Epulo, anthu okhala m'mbali mwa mseu wa Great East ayamba kuona ma Land Cruiser ndi ma Hilux a manambala a ku South Africa alikupita ku Chipata ndi ku Mfuwe, iliyonse ikukoka kangolo kotseka ka mawilo aakulu. Ena amati telela. Ikafika pogona aitsegula, pamwamba patuluka tenti, m'mbali mutuluka kicheni, ndipo posakhalitsa pakhala nyumba yathunthu. Zambiri zipangidwa ku South Africa komweko, monga Conqueror, Jurgens, Echo ndi Bush Lapa.

Ndalemba nkhaniyi cifukwa m'bungwe la parishi yathu munabuka ganizo lakuti tigule ngolo yotere imene munthu wina anali kugulitsa, kuti izithandiza pa maulendo a ku masenta akutali. Ndamvanso alimi ena a m'makopaletivu akuiyang'ana ndi diso lomwelo. Ndalama zake ndi za cimanga cimene anthu anakhetsera thukuta, motero ndi bwino tiyambe taunika. Safunsa anadya phula.

Ine ndinayendapo nayo kamodzi. Tinaibwereka kwa mnzathu wina ndi kutsikira nayo ku Malambo mwezi wa Okutobala, ine, abambo wansembe ndi anyamata awiri. Tinakhalako sabata yathunthu. Zimene ndinena pano zina ndinaona ndi maso, zina ndinafunsa kwa madalaiva ndi amakanika.

Ubwino wake ulipo ndithu

Coyamba ndi malo. Pa ulendo wa kuthengo katundu aculuka: madzi, mafuta, cakudya, zofunda, mipika. Kale tinali kuunjika zonsezi pamwamba pa motoka, ndipo aliyense adziwa mmene motoka yolemera kumutu ipendamira pa mseu wa maenje. Katundu akalowa m'ngolo, kulemera kutsika pansi, anthu nawonso akhala bwino m'mipando osakumbatira zigubu.

Caciwiri ndi pogona. Tenti yake ili pamwamba, kutali ndi cinyontho, njoka ndi zinkhanira, ndipo mazenera ake ali ndi neti yocinga udzudzu. Amene anadwalapo malungo a kucigwa adziwa kuti imeneyi si nkhani yocepa. Usiku wina fisi anazungulira msasa wathu kufunafuna mipika, ife tinangomumvera tili pamwamba.

Cacitatu, zambiri zili ndi thanki ya madzi, batire ndi sola, moti mungathe kuyatsa magetsi, kucaja foni ndi kusunga mankhwala kapena ndiwo mu kafiliji.

Koma ubwino woposa wonse ndi uwu: mukafika, muimasula ndi kuisiya. Ife tinamanga msasa pa senta imodzi, ndipo m'mawa uliwonse motoka inali kupita ku midzi yozungulira ili yopepuka, madzulo tipeza pogona pali cikonzere. Alendo a ku South Luangwa acitanso cimodzimodzi: ngolo itsala pa kampu, iwo apita kukaona nyama.

Mtengo wake ndi kulemera

Tsopano tione mbali ina. Ngolo zimenezi zipangidwa ndi zitsulo zolimba kuti zisathyoke m'miyala, ndiye cifukwa cake zilemera ngakhale zilibe kanthu. Zambiri zipitirira theka la tani zisanaikidwe katundu, ndipo zikadzaza zipyola tani imodzi. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi: thanki ya malita 100 ndi matumba awiri a fataleza a 50 kg.

Kulemera kumeneku injini ndiyo ikusenza. Dizilo itha msanga, kilachi ndi mabuleki ziperepeseka msanga, ndipo pa zitunda za pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba mudzaona singano ya kutentha ikukwera. Kutsetsereka ndiye koopsa kuposa kukwera, cifukwa ngolo ikankha motoka kumbuyo. Dalaiva wanzeru atsika ndi giya yaing'ono, osadalira buleki yokha.

Inu alimi mudziwa bwino cikocikala. Mukaika matumba onse kumbuyo, mtengo wapakati unyamuka ndi kutsamwitsa ng'ombe. Mukaika onse kutsogolo, goli liphwanya makosi. Ngolo ya motoka ndi cimodzimodzi. Katundu wolemera afunika kukhala pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo pang'ono, kuti pa columikizira patsamire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Kumbuyo kukalemera, ngolo iyamba kuvina uku ndi uku pa liwiro, ndipo ingathe kugubuduza motoka. Ikayamba kuvina, cotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani ciwongolero mowongoka, osaponda buleki mwadzidzidzi.

Mseu ndiwo ulamulira

Pa tala, monga mseu wa makilomita pafupifupi 130 wocoka ku Chipata kupita ku Mfuwe, ngolo siivuta. Mavuto ayamba pomwe tala yathera.

Mawilo a ngolo alibe mphamvu, angokokedwa. Mu mcenga wa mitsinje youma asanduka ngati pulawo. Ife tinatitimira pa mtsinje wina pamene motoka yokha ikanadutsa popanda vuto. Tinamasula ngolo, tinaturutsa motoka, tinatsitsa katundu yense, kenaka anthu a m'mudzi anatithandiza kuikoka ndi cingwe. Panapita maola atatu, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Pamenepo ndinaphunzira kuti mpweya ucepetsedwa m'matayala a ngolo omwe, osati a motoka okha, ndipo pafunika pompi yobwezera mpweyawo mukatuluka.

Dzinja ndiye musayese. Kuyambira Novembala kapena Disembala kufikira Epulo, dothi lakuda la makande a kucigwa limata ngati ulimbo. Miseu monga wakale wa Petauke kupita ku Mfuwe kudzera ku Sandwe, kapena wopita ku Luambe, ndi ya cilimwe cabe. Apa pali funso limene ndinafunsa anzanga m'bungwe: nthawi imene tivutika kwambiri kufika ku masenta ndi ya mvula, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ngolo siingapite. Nanga itithandiza liti?

Cina ndi kubwerera m'mbuyo. Mukapotoza ciwongolero kumanja, ngolo ipita kumanzere. Pa kanjira kopanikiza ka m'mipani, mukakumana ndi mtengo wogwetsedwa ndi njovu, kapena njovu yeniyeniyo, mulibe potembenukira. Mukalimbikira, ngolo ipindika ndi kumenya motoka m'nthiti. Luso limeneli liphunziridwa pa bwalo la mpira, osati pamaso pa njovu.

Zitsulo zimene zipereka mavuto

Pobwerera, beringi ya wilo limodzi inapsa. Makanika anatifotokozera kuti tinalowa m'madzi habu ili yotentha. Itazizira mwadzidzidzi inakoka madzi, girizi inaonongeka. Tikanakhala kuti tinali kuima ndi kugwira habu ndi dzanja pa ola lililonse, tikanazindikira msanga. Tinagona pa mseu, ndipo mnyamata mmodzi anayenda pa njinga yobwereka kukafuna ina. Kuyambira pomwepo ndidziwa kuti beringi yapadera, girizi ndi jeke sizitsala.

Mseu wa mizeremizere umasula mabauti ndi kuthyola masipiring'i, fumbi nalonso lilowa paliponse pamene labala yatha. Ngolo yabwino ndi imene mawilo ake alingana ndi a motoka yoikoka: tayala lapadera lithandiza konse, ndipo ngolo iponda momwe motoka yaponda. Columikizira ca mpira wamba sicipendeka mokwanira pa zigwembe. Za kuthengo zili ndi cina cimene cizungulira. Cheni yocinjiriza imangidwe nthawi zonse.

Lamulo nalo lilipo

Ngolo ndi galimoto payokha pamaso pa lamulo. Ifunika kulembetsedwa ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, ikhale ndi nambala yake, magetsi akumbuyo ogwira nchito ndi zonyezimira. Laisensi ya B ilola kukoka ngolo yopepuka, yosapitirira 750 kg. Yolemera kuposa apo ifuna laisensi ya kalasi ina, ndipo iyenera kukhala ndi mabuleki ake. Ngati mugula yocokera kunja, onani mapepala a kasitomu musanapereke ngakhale ngwee imodzi. Ndipo conde, musakweze anthu m'ngolo, ngakhale pa maliro kapena pa ukwati. Siinapangidwire zimenezo.

Nanga tigule kapena ai?

Yankho ligona pa mayendedwe anu. Ngati mupita pamalo amodzi ndi kukhalapo masiku anayi kapena asanu, m'cilimwe, muli anthu ambiri, ngolo idzakutumikirani bwino. Alendo aja aikonda cifukwa ayenda masabata ambiri ndi banja lonse, pa nyengo imene asankha okha. Koma ngati mugona pano lero, mawa uko, m'njira za mcenga ndi matope, mudzakhala kapolo wake. Tenti wamba ndi neti zokwana m'motoka zicita nchito yomweyo pa mtengo wocepa kwambiri.

Kwa alimi ndinena mosabisa: iyi si ngolo ya cimanga. Mkati mwake mwadzala makabati, ndipo mulipira ndalama zambiri cifukwa ca kicheni ndi tenti zimene simudzagwiritsa nchito. Ngati mufuna kutuma fataleza ndi zokolola, pitani kwa owocherera akupangireni ngolo yapululu yolimba, muilembetse, muziika katundu wolingana ndi mphamvu ya motoka yanu.

Ganiziraninso kuti miyezi yambiri idzangokhala pansi pa mtengo wa mango, matayala akung'ambika ndi dzuwa, makoswe akudya tenti, koma msonkho wa pamseu uli kuwerengedwa.

Ife m'bungwe tinakambirana mpaka dzuwa kulowa. Mayi wina wacikulire, amene anali cete nthawi yonseyo, anaima nati: "Inu azibambo, ku masenta kuja anthu amatilandira m'nyumba zao. Tikapita ndi nyumba yathuyathu, adzati tanyansidwa ndi mphasa zao." Palibe anayankha. Tinagwirizana kuti ngoloyo tiziibwereka kamodzi pa caka pa ulendo wautali wa kucigwa, ndipo ndalama zija tinagula matayala atsopano a motoka ndi njinga zitatu.