Manja Odzipereka pa Nthaka ya Chongwe

Pamene mtsinje wa Chongwe, umene unkamwetsa Asoli a Mfumukazi Nkomeshya pamodzi ndi ziweto zawo, unayamba kuphwa m'chilimwe, mitengo itatha ndi makala opita ku Lusaka, ambiri anataya mtima. Koma ku Kasisi, kumene Ajezuiti anatsegula sukulu ya ulimi m'chaka cha 1974, alimi akhala akuphunzira kutsitsimutsa nthaka yoguga ndi manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi mitengo yobwezeretsa chonde. Ndipo iwo, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, amagawira anansi awo nzeruzo osayembekeza mphotho. Anthu otere ngoyenera ulemu, pakuti amene akuwathangata ndiwo amasiye ndi osauka, amene thumba la feteleza lawakanika kugula.