Ndere za pamiyala zimaulula zimene mtsinje wamwa

Aliyense amene anawolokapo mtsinje wa Lunkhwakwa kapena wa Lutembwe ali chosavala nsapato amadziwa kuti mwala wa m'madzi sauponda mwamatama. Umaterera. Choterera chija ndi ndere, ndipo mu ndere zofiirira zomwe zimamata pamwala ngati phala lopyapyala mumakhala tizomera timene asayansi amatitcha madayatomu.

Dayatomu ndi kachomera ka selo imodzi, kosaoneka ndi maso. Kamakhala m'chigoba cha silika, chinthu chomwe chimapanganso mchenga ndi galasi, ndipo chigobacho chili ndi mbali ziwiri zolowana ngati bakuli ndi chivundikiro chake. Mtundu uliwonse uli ndi mizere ndi timabowo take, choncho katswiri akayang'ana pa maikulosikopu amatha kuutchula dzina. Kachomerako kakafa, chigoba sichiola msanga. N'chifukwa chake ofufuza amene anaboola matope a pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005 anawerenga zigoba zimenezi pofuna kudziwa mmene nyanjayo inkaphwera ndi kudzadza zaka zikwi zambiri zapitazo.

Nanga ife a ku Chipata zikutikhudza pati? Madzi a m'mipopi ya mumzinda muno, omwe amagawa a Eastern Water and Sanitation Company, amachokera m'madamu a pa Lutembwe. Chilichonse chochitika kumtunda kwa damu chimatsikira komweko. Njira yozolowereka yoyezera madzi ndi kutunga m'botolo n'kupita nawo ku labotale. Njirayi ndi yabwino, koma imangonena za madzi amene amadutsa pa nthawi yotungayo basi. Munthu akataya zonyansa mumtsinje usiku, pofika m'mawa madziwo amakhala atapita kale kumunsi, pa ulendo wa ku Luangwa. Koma madayatomu sachoka pamwala pawo. Amachulukana msanga pogawikana pawiri, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu madzi atasintha, mitundu yosapirira imachepa, yopirira n'kulanda malo.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mitundu ya Eunotia imakonda madzi opanda michere yambiri, ngati a pa kasupe wa m'phiri. Achnanthidium minutissimum kawirikawiri amapezeka m'madzi oyera okhala ndi mpweya wokwanira. Koma mukapeza Nitzschia palea ndi Gomphonema parvulum zitadzaza pamwala, dziwani kuti m'madzimo mukulowa za m'zimbudzi, ndowe kapena feteleza. Palinso mitundu ina ya Navicula, Nitzschia ndi Surirella yomwe imatha kukwawa pang'onopang'ono. Matope akakwirira mwala, yosayenda imafa chifukwa chosowa dzuwa, pamene yokwawayi imatulukira pamwamba. Kuchuluka kwake ndi umboni woti nthaka ikukokoloka kumtunda.

Yendani m'mbali mwa mitsinje yathu mwezi wa Ogasiti muone zimene madayatomu akuyenera kupirira. Madimba a repu, tomato ndi chimanga chachiwisi afika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo feteleza wa D Compound ndi Urea amene mbewu sinadye amatsetserekera mumtsinje. Mitengo ya m'mapiri ikupita ku makala, ku nkhuni zootchera njerwa ndi zochizira fodya. Mvula yoyamba ya Novembala ikagwa pa phiri lometedwa, dothi lonse limabwera kudzakhala m'damu. Mumzinda, Lunkhwakwa amalandira zinyalala, sopo wa ochapa ndi madzi a m'zimbudzi zokumba zikasefukira. Sindikunyoza mlimi wa dimba; ndiwo zake tonse timadya, ndipo ana ake amaphunzira ndi ndalama ya tomato yemweyo. Koma kukangana kuti wawononga mtsinje ndani sikungathe popanda mboni, ndipo mboni yosakondera ili pamwala.

Kutenga umboniwo sikufuna chuma. Woyeza amatola miyala isanu m'madzi oyenda, n'kukwecha pamwamba pake ndi mswachi wamba, n'kuthira phalalo m'kabotolo momwe muli mowa wa ethanol kuti lisaole. Ku labotale amalitsuka ndi asidi kapena hydrogen peroxide kuti patsale zigoba zokha, kenako amawerenga zigoba 300 mpaka 400 pa maikulosikopu yokulitsa ka 1,000. Mtundu uliwonse uli ndi malikisi ake, ndipo akawonkhetsa amapeza ngati madziwo ali bwino kapena ayi. Akayeza kumtunda kwa madimba ndi kumunsi kwake, kusiyana kumaonekera poyera. Koma sayeza mtsinje utangosefukira kumene, poti madzi amphamvu amakokolola ndere. Amadikira milungu itatu kapena inayi.

Njirayi si yachilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Ku South Africa, B.J. Cholnoky analemba buku lalikulu la madayatomu mu 1968, ndipo mu 2007 Jonathan Taylor ndi anzake anatulutsa mabuku olangiza oyeza mitsinje. Ku Zimbabwe, Taurai Bere wa pa yunivesite ya Chinhoyi wayeza mitsinje ya kwawo mwa njira yomweyi. Kuno ku Zambia, ntchito ya SAFRASS, imene inaphatikiza University of Glasgow ndi University of Zambia, inakonza kale ndondomeko yotengera ndi kuwerenga madayatomu a m'mitsinje yathu. Chovuta n'chakuti kuphunzira kuzindikira mitundu kumatenga nthawi, ndipo mitundu ina ya kuno sifanana ndi ya m'mabuku a ku Ulaya.

Chenjezo lofunika: dayatomu sanena ngati m'madzi muli kachilombo ka kolera. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo madzi a mumtsinje, ngakhale ndere zake zikhale zabwino chotani, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini musanamwe.

Mabungwe a WARMA ndi ZEMA, omwe malamulo a 2011 anawapatsa udindo wosamala madzi ndi chilengedwe, angachite bwino kusankha malo ochepa pa Lutembwe ndi Lunkhwakwa oti aziyeza chaka ndi chaka, mvula isanayambe ndiponso itatha. Zimene apeze azikaziwerenga pamaso pa mafumu ndi alimi a madimba, m'Chinyanja, kuti nawonso amve zimene miyala ya pa doko lawo ikunena.