Mawu a "Mitundu", "Chiweruzo" ndi "Chitonthozo" mu Chinyanja cha M'Baibulo

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mawu atatu omwe alaliki a ku Chipata ndi madera ozungulira amatsamirapo pophunzitsa mabuku a aneneri, makamaka la Nahumu, lomwe limalosera kugwa kwa mzinda wa Nineve. Mzindawu unagwadi mu 612 BC, ndipo dzina la mneneriyu m'Chihebri limachokera ku tsinde lotanthauza kutonthoza.

Tiyambe ndi "mitundu". Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray, anasankha liwuli poimira maufumu ozungulira Israyeli. Koma kwa Mnyanja wa kuno, mtundu si ufumu wakutali ayi. Ndi Angoni, Achewa, Ansenga ndi Akunda. Tikumbukire kuti mishoni ya Magwero inatsegulidwa mu 1899, patangopita chaka chimodzi Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Azungu ndiponso Nsingo ataphedwa. Mchewa amene makolo ake anathawa nthungo za Angoni, ndi Mngoni amene ng'ombe zake zinalandidwa mu 1898, pomva za chilango cha mtundu woipa sakanaloza chala kumodzi.

"Chiweruzo" nacho chili ndi vuto lake. Pabwalo la mfumu, kuweruza mlandu kumathera pa kulipa mbuzi kapena nkhuku, kuti olakwirana apitirize kumwera chitsime chimodzi. Chiweruzo cha aneneri sichisiya mpata wotere: mzinda umafafanizidwa. Ine ndikuona kuti liwuli linasenzetsedwa katundu amene silinazolowere, ndipo n'chifukwa chake alaliki amalichirikiza ndi "mkwiyo" ndi "chiwonongeko".

Pa "chitonthozo" omasulira anachita bwino. Mneni "kutonthoza" ndi wochititsa, wochokera ku "kutonthola", monga "kulowa" amabala "kulowetsa" kapena "kulira" amabala "kuliza". Amene amatonthola ndi mwana wolira, ndipo womutonthoza ndi mayi. Pamaliro timati "kupepesa", liwu limene likanamveka ngati Mulungu akuvomera kulakwa. Motero wokhulupirira amaikidwa pamalo pa mwana wa kumsana.

Kuti izi si nkhani ya m'kalasi yokha zinaoneka mu 1972. A Mboni za Yehova, omwe boma la Dr Kamuzu Banda linawaletsa mu 1967, anazunzidwa chifukwa chokana kugula makhadi a chipani cha Malawi Congress Party, ndipo zikwizikwi anathawira ku msasa wa Sinda Misale m'chigawo cha Kum'mawa. Ambiri anafera komweko ndi matenda, otsalawo n'kubwezedwa kwawo mu Disembala chaka chomwecho. Owazunza anali a mtundu wawo womwe, olankhula chinenero chimodzi. M'chiphunzitso chawo, "mitundu" ndi maboma onse a anthu, wosapatulapo ndi limodzi lomwe, ndipo liwuli silinenanso za magazi kapena mbumba. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.