Amisiri Opima Zosagwirika

Pali akatswiri a fizikisi amene moyo wawo wonse wa ntchito umathera pa chinthu chimene palibe munthu adzachigwire. Chinthucho chili kunsi kwa chigoba cha nyenyezi za nyutironi, zotsalira za nyenyezi zikuluzikulu zimene zinaphulika, zongotambalala makilomita pafupifupi 20 koma zolemera kuposa dzuwa. Kumeneko mapulotoni ndi manyutironi ndi opanikizana zedi, ngakhale sanafike pothinana monga m'phata la atomu. Mphamvu ina imawakokera pamodzi, ya magetsi n'kumakankhanitsa mapulotoni, ndipo poti palibe yogonja, amaumbika kukhala timibulu, tizingwe ndi mapepala osanjikizana. Eni ntchito amangoti pasta, potengera zakudya za ku Italy, n'kumatchula gnocchi, spaghetti ndi lasagna. Ravenhall, Pethick ndi Wilson analosera maonekedwe amenewa ndi masamu mu 1983, ndipo Hashimoto, Seki ndi Yamada a ku Japan anafikanso pomwepo mu 1984.

Tsiku la mmisiri wotere ndi la kuleza mtima. Amalemba pulogalamu yoika tizidutswa masauzande m'kabokosi kongoyerekeza, kamene kachidutswa kakatulukira kumanja kamalowera kumanzere, kuti kabokosiko kaimire dera lopanda malire. Akatero amaika ntchitoyo pamzere wa kompyuta yaikulu ya yunivesite, n'kudikira. Akaziziritsa tizidutswato mothamanga, mapepala aja amatuluka opindikapindika, ndiye ayenera kudzifunsa ngati ndi chilengedwe kapena phuma lake. Zambiri mwa izi amasenza ndi ophunzira a digiri ya udokotala ndi achinyamata a makontirakiti a zaka zochepa, anthu amene mayina awo satchuka kawirikawiri. Mu 2018 Matthew Caplan, Andre Schneider ndi Charles Horowitz wa ku Indiana University anakoka ndi kupinda pasta wa tizidutswa toposa 3 miliyoni, ntchito imene inadya maola a makompyuta pafupifupi 2 miliyoni, ndipo anapeza kuti ndi wolimba kuposa chitsulo maulendo pafupifupi 10 biliyoni.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zithunzi chabe, popeza kompyuta imakubwezera zimene waiuza. Dandauloli lili ndi pogwira, ndipo amisiri enieni amalidziwa kuposa owatsutsa. N'chifukwa chake amasintha kukula kwa bokosi n'kubwereza, kuopa kuti makoma ndiwo aumba maonekedwewo. Komatu palibe amene amauza pulogalamu kuti ipange lasagna. Imapatsidwa malamulo a kukokana ndi kukankhana basi, maonekedwe n'kudzibadwira okha. Toshiki Maruyama ndi Gentaro Watanabe ku Japan anadzera njira yosiyana ndi ya ku Indiana, ena anadzera masamu a mtundu winanso, koma onse anakumana pa tizingwe ndi mapepala omwewo. Umboni wotere sungakankhidwire pambali.

Chinanso, zimene apeza zikhoza kuyesedwa kumwamba. Mu 2013 José Pons ndi anzake anati pasta mwina ndiye amachititsa kuti nyenyezi zina zotere zisachedwe kuzungulira kupitirira masekondi pafupifupi 12. Ndipo chigoba cholimba chingathe kusenza timapiri ta masentimita ochepa, timene nyenyezi ikamazungulira tingatumize mafunde a mphamvu yokoka amene makina a LIGO akusakasaka. Akadzawamva, manambala a amisiriwa adzavomerezedwa kapena kutayidwa poyera. Ntchito yolola kuweruzidwa chonchi ndi sayansi yeniyeni, ndipo oigwira ayenera malipiro okhazikika.